Masiku Khumi a Phulusa

Lamulungu, 9 Febuluwale 2025

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ku Zingalume, kwa amalume. Galu wathu Tcheru anayamba kutuluka dovu, kudzikanda kukamwa, kulephera kumeza. Wina anangoti chiwewe. Amuna anayi, zibonga, kuseri kwa khola. Asanakamutaye, amalume anamukanula kukamwa ndi kamtengo. Fupa la nkhuku, litapingasa pakati pa mano am'mwamba. Ndine ndinamupatsa fupalo m'mawa womwewo. Ndinkadziwa kuyambira pachiyambi. Ndinaima pafupi ndi mtondo, manja kumbuyo, osanena kanthu.

Papita zaka makumi awiri ndi zitatu. Lero zabwereranso, pakhomo panga, ku Pembamoyo kuno.

Ndilembe mwadongosolo.

Phulusa anali galu wa mlongo wanga Davison. Davison titamuika m'manda chaka chatha, galuyo palibe anamufuna. Ndinamutenga. Mvula ya chaka chino yabweretsa nkhupakupa zosaneneka. M'makutu mwake zinadzaza ngati nshawa. Chipeso chinalephera. Kachitsulo kanga kozulira nsidze kanalephera. Dzulo ndinapita kwa a Langton, omwe ali ndi ng'ombe, kukapempha mankhwala a dibi. Ananditsanulira m'kabotolo ka zakumwa, kopanda pepala. Anati, "Kasakanizidwe mukukadziwa kale inu, ophunzira." Ndinagwedeza mutu. Mphunzitsi wa masamu, digiri ili m'sutikesi, kuchita manyazi kufunsa kuti madontho angati. Ndinathira m'beseni mpaka madzi atayera ngati mkaka, monga ndimaonera m'sipuleya yawo. Ndinamusambitsa. Anadzinyambita.

Pofika masana akudzandira. M'mawa wa lero osaoneka. Anapezeka pansi pa nkhokwe ya a Agostino, aneba anga, thupi lozizira, dovu mpaka pansi. A Agostino anamukoka mwendo wakumbuyo kuti amutulutse. Anawaluma dzanja lamanja. Mano atatu.

Akazi awo, a Monika, ndiwo anayamba kukuwa dzina la matenda aja. Sipanathe nthawi a Wadson, wapampando wa achitetezo cha m'mudzi, afika ndi chibonga paphewa. Amuyembekezera kalekale Phulusa, chifukwa cha chimanga chawo chachiwisi chomwe anathyola mwezi watha.

Ndinamunyamula ndekha m'thumba la feteleza. Ndinati, "Si chiwewe, ndi mankhwala. Ndipo anabayidwa katemera."

Mawu oyambawo ndikuwakhulupirira. Achiwiriwo ndi theka la zoona. Anabayidwa mu Sepitembala 2023, Davison ali moyo. Chaka chatha obaya katemera atabwera ndinali ku Chipata ku msonkhano wa aphunzitsi. Ndinati ndidzapita naye ku boma. Sindinapite.

Ndaimbira a Maybin, a zaziweto ku boma. Mtsinje wadzaza, honda yawo, njinga yamoto ija, siingawoloke msanga. Akuti ndimutsuke ndi sopo ndi madzi ofunda, ndimufunditse, ndimutsekere masiku khumi, ndizilemba zonse zomwe wadya ndi kumwa. Akakhala moyo ndi wamphamvu tsiku la khumi, ndiye kuti analibe chiwewe pomwe ankaluma. Wolumidwayo atsuke bala ndi sopo kwanthawi yaitali, apite ku kiliniki lero lomwe. Ndawauza a Agostino zimenezo.

A Wadson avomera masiku khumi mokakamizika. Lachitatu la sabata yamawa.

Phulusa ali m'khitchini, pa chiguduli. Loko ndachotsa pa chitseko cha chipinda changa.

Saphedwa. Osati ndili chiimire.

Lolemba, 10 Febuluwale. Tsiku loyamba.

Madzi: masipuni khumi ndi awiri, m'mbali mwa kamwa. Chakudya: ayi. Wasanza kamodzi, zachikasu. Maso olemera. Mchira unagwedezeka pang'ono nditamuitana, kapena ndi maso anga.

M'manja ndikuvala majumbo a shuga awiriawiri. A Maybin anati malovu ake asandikhudze pabala lililonse.

Kusukulu nkhani inandiyambira kufika. Mu ofesi ya aphunzitsi wina anati, "A Madamu, wodwala wanu wagona bwanji? Tibwere ndi malalanje?" Anaseka onse. Ndinaseka nawo. Ndimadana nako kuseka kwanga kumeneko.

Madzulo a Monika anabwera pa mpanda. Osalowa. Amafuna ubweya wa Phulusa, akauwotche, phulusa lake apake pa bala la amuna awo. Amatero kwawo, amateronso kwathu. Ndinatenga burashi yake, ija ya nsapato yomwe ndinaisandutsa ya galu, ndi kumatula ubweya wodzaza dzanja. Ndinawapatsa.

Ndinafunsa za ku kiliniki. Sanapite. Ali kumunda, akupalira ndi dzanja limodzi. A Monika anati, "Apitirenji? Inu mwanena kuti anabayidwa."

Ndakhala pa mpando uno kuyambira pamenepo. Makope a Giredi 9 sindinawatsegule.

Lachiwiri, 11 Febuluwale. Tsiku lachiwiri.

Ndinatuma uthenga kwa ahedi kuti sindibwera. Ndinalondola a Agostino kumunda kwawo kwa thonje, mame mpaka m'mawondo. Ndinakonza mawu ambiri m'njira. Nditafika anatsala ochepa. Katemera ndi wakale. Ndinanama. Tiyeni kuchipatala.

Anatsamira khasu. Ndimayembekeza kutukwanidwa, ndipo kukanandipepukira.

M'malo mwake anandiuza za chaka chomwe anathawa nkhondo ku Mozambique, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anabisala m'bango masiku awiri, asilikali akudutsa pamsewu. Galu wawo anawatsatira. Atayamba kulira, atate awo anamugwira pakhosi mpaka anasiya. Anati, "Ine ndinagwira miyendo. Anandiuza kuti ndigwire."

Kenako: "Wadson akamva za katemerayu, galu wanu safika madzulo. Amake Chisomo akamva, Wadson wamva. Ndiye ine sindinamve kanthu. Ndikupita kuchipatala chifukwa dzanja latupa, basi."

Amake Chisomo ndi a Monika. Ndawaika a Agostino pobisira mkazi wawo. Bodza langa tsopano lili ndi eni ake awiri.

Tinayenda pansi mpaka kumtsinje, tinawoloka madzi a m'chiuno, kutsidya tinapeza honda. Ku kiliniki anachotsa phulusa lonse lija pa bala, anatsuka, anatitumiza ku boma. Jekeseni yoyamba alandira. Yachiwiri Lachisanu, yachitatu Lachiwiri likubwerali. Namwino anatikalipira kuti tachedwa masiku awiri. Ndinayang'ana pansi. Kuchedwako ndi kwanga.

Phulusa: wamwa yekha, theka la mbale. Waimirira, wagwa, waimiriranso. Wakodza kwambiri, khitchini yonse fungo. Dovu lachepa.

Lachinayi, 13 Febuluwale. Tsiku lachinayi.

Wadya!

Phala la gaga lamadzimadzi, dzira limodzi lophika, mitu ya kapenta yosinja. Pang'onopang'ono, katatu pa tsiku, monga anandiuzira a Maybin pa foni. Mchere ayi. Mafupa ayi. Mafupa sindimupatsa ndi kale lomwe, anthu amandiseka nazo.

M'mimba mukadali motsegula. Kuyenda kwawongoka, koma akatembenuka msanga miyendo yakumbuyo imatsalira.

Ndamupesa m'makutu ndi chipeso cha mano ang'onoang'ono. Nkhupakupa zonse zafa, zikungogwa zouma. Mankhwala anagwira ntchito yake, ndipo anatsala pang'ono kutenga ndi mwini makutu yemwe. Ndazisesa ndi kuziponya pamoto.

Ndinabweza kabotolo kwa a Langton. Ndinafunsa funso lomwe ndikanafunsa Loweruka. Anandionetsa kachivindikiro kamodzi ka mankhwala, pa chigubu chachikulu cha madzi malita makumi awiri. Ine ndinathira kuposa pamenepo m'kabeseni kotsukira mbale. Anati, "Aaa, Madamu! Mukanagwetsa nkhunzi." Sanaseke. Ndinawathokoza mumtima.

A Wadson anadutsa ndikusenda dzira pakhonde. "Galu dzira, ife nkhwani wopanda nsinjiro. Mukadzafuna wina womusunga m'khitchini mundiuze, ndimadziwa kuuwa." Ndinati akayambe asamba dibi ya a Langton. Anaseka mpaka anatsokomola. Ine ndadabwa kuti mawuwo anatuluka m'kamwa mwanga.

Chibonga anali nacho ndithu.

Lachisanu, 14 Febuluwale. Tsiku lachisanu.

Wakana chakudya. M'mawa, masana, madzulo. Dovu labwerera. Akutafuna chingwe chomwe ndamumangira, akupukusa mutu. Wauwa kawiri, mawu osasa.

Ndawerenga pa foni zizindikiro za chiwewe mpaka batire latha. Kusintha kwa mawu. Kutafuna zinthu. Dovu. Zonse zilipo. Za mankhwala a dibi nazonso zilipo, koma zimenezo zimayenera kukhala zikutha tsopano, osati kuyambiranso.

Bwanji ngati ndalakwitsa? Ndinalakwitsa kale beseni limodzi la madzi. Mwina pamene ankathyola chimanga cha a Wadson anakumana ndi nkhandwe. Ndikudziwa chiyani ine za kumene amapita ndikakhala m'kalasi?

Pachitsime amayi ena anandiuza chifukwa chake a Wadson salekerera. Mwana wa mlongo wawo, ku Zemba, zaka khumi zapitazo. Kagalu kakang'ono kanangomukanda pa mwendo. Anamwalira atamumangirira pabedi. A Wadson ndiwo anamunyamula pa njinga kupita naye kuchipatala.

Ndiye si chimanga chokha. Ndikanakonda chikanakhala chimanga chokha.

A Agostino alandira yachiwiri. Anapita okha.

Ndaimbira a Maybin. Akuti ndisatsegule chitseko, ndisamugwire kukamwa, akafa ndisamukwirire, adzafuna mutu wake kuti akauyeze. Ndalemba mawu amenewo. Akuti kutsekera n'kokwanira. Ali m'kati, ali pa chingwe, saluma munthu. Kumupha lero sikuchiritsa aliyense.

Ndagwira pamenepo. Ndilibe pena.

Loweruka, 15 Febuluwale. Tsiku lachisanu ndi chimodzi.

Sindinamvere.

M'mawa anali akudzikanda kukamwa ndi mwendo wakutsogolo. Ndinaima pakhomo la khitchini kumuyang'ana, ndipo ndinazindikira kuti manja anga ali kumbuyo.

Majumbo atatu dzanja lililonse. Jekete la Davison la manja aatali. Mpini wa chipande pakati pa mano, mutu wake pakati pa mawondo anga, tochi m'kamwa mwanga. Sanalimbane. Anangolira pang'ono.

Ulusi wa chingwe cha khonje, utakulungana pa dzino lakumbuyo, utadula nkhama. Ndinauzula ndi kachitsulo ka nsidze. Utali ngati chala.

Masana wamaliza phala. Wanyambita mbale mpaka yagubuduka.

Chingwe ndachotsa, ndabwereka unyolo wa ngolo kwa a Langton. Wolemera, koma satafuna.

Ndikanalumidwa. Ndikudziwa. Kunali kupusa, ndipo a Maybin akadzamva adzanena zomwezo. Ndasamba m'manja kanayi. Ulusiwo ndauika m'kabokosi ka machesi.

Lamulungu, 16 Febuluwale. Tsiku lachisanu ndi chiwiri.

Anabwera titaweruka ku tchalitchi. A Wadson ndi amuna atatu, akadali m'majekete a mapemphero, zibonga m'manja. Kwamveka kuti ku Zemba apha galu wachiwewe Lachisanu. Wina anamvanso Phulusa akuuwa mosasa. Akuti masiku khumi achuluka, m'mudzi muli ana.

Ndinawaonera patali. Ndinatulutsa mpando, ndinauika pa chitseko cha khitchini, ndinakhala, makope a Giredi 9 pamiyendo, bolopeni yofiira m'manja.

A Wadson anati, "Madamu, tasunthani pang'ono, tingogwira ntchito ya mphindi ziwiri." Ndinati tinapangana Lachitatu. Anati pangano silimanga chiwewe. Ndinati unyolo ukumanga, loko akumanga, kiyi ali m'thumba mwanga, ndipo wofuna kulowa ayambe wandinyamula ine ndi mpando womwe. Mmodzi wa amunawo mwana wake ndimamuphunzitsa. Anayang'ana kumbali.

"Ana athu kapena galu, musankhe," anatero a Wadson. Ndinati palibe mwana walowa m'khitchini mwanga. Ndinawauza kuti ndamva za mwana wa mlongo wawo, ndipo Phulusa akangoonetsa kuti ndi chomwecho ndidzawaitana ndekha. Nkhope yawo inasintha. Mwina sindikanayenera kutchula.

Wina anati chiwewe chimaopa madzi, timuyese. Ndinatsegula, ndinakankhira mbale ndi phazi. Phulusa anamwa, anatiyang'ana, anagwedeza mchira kwa a Wadson, chitsiru. Amuna awiri anatsitsa zibonga. Ine ndikudziwa kuti kumwako sikutsimikiza kanthu, a Maybin anandiuza kuti galu wachiwewe amatha kumwa. Ndinanena. Sindikudziwa chifukwa chake, kunali kudzipweteka ndekha. Ndinati, "Madziwa si umboni. Umboni ndi Lachitatu."

Pamenepo a Agostino anatulukira, bandeji kudzanja, chimanga chootcha kudzanja linalo. Anakoka njerwa, anakhala pambali panga, anayamba kudya. Atameza anati, "Wolumidwa ndine. Ndikudikira Lachitatu. Inu amene sanakulumeni mwafulumira kupita kuti?"

Anachoka mmodzimmodzi. A Wadson pomaliza. "Lachitatu dzuwa likafika pamutu a Maybin asanabwere, sindidzapempha kiyi."

Makope ndawaona tsopano. Pa tsamba la mwana wina ndachonga mayankho onse, olakwa omwe.

Chakudya: wamaliza katatu. M'mimba mwauma.

Lachiwiri, 18 Febuluwale. Tsiku lachisanu ndi chinayi.

Dzulo bwino. Lero bwino. Wanenepa pang'ono ndi kukhala. Ndamupesa thupi lonse ndi burashi, dzuwa likulowa pakhomo, anatseka maso. Ubweya wa pamsana pomwe mankhwala anamuwotcha ukumera. Zikhadabo zatalika chifukwa sakuyenda, ndazifupikitsa ndi tupa. Akulira akamva ana akupita kusukulu. Akufuna panja.

Mtsinje waphwa. A Maybin akuti afika mawa m'mawa.

A Agostino alandira yachitatu. Bala lauma.

Ndakopera zolemba zoti ndikapereke kwa a Maybin pa pepala loyera. Tsiku, madzi, chakudya, chimbudzi. Mizere yowongoka ndi rula. Mulibe Tcheru, mulibe Chipata, mulibe munda wa thonje. Zooneka bwino kwambiri.

Ndikumaliza, a Monika analowa. Koyamba kulowa pampanda chiyambire. Anabwera ndi dzungu m'mbale. Anakhala pakhonde, anasuzumira m'khitchini, anati galu wanu wachira. Kenako anandiuza kuti m'mawa uliwonse amapatsa amuna awo kapu ya madzi ndi kuima pomwepo kuyang'ana pakhosi mpaka atameza. Masiku asanu ndi anayi. Akatsokomola, iwo mtima phaa.

"Chimene chandilimbitsa ndi mawu anu aja, Madamu. Ndimati ophunzira sanganame pa nkhani ya moyo wa munthu. Chikhala kuti galuyo sanabayidwe, bwenzi nditapenga."

Anadandaulanso kuti amuna awo akuvutika ndi maulendo a ku boma pachabe, thonje likumera udzu.

Ndinalandira dzungu ndi manja awiri. Ndinathokoza.

Ndinateteza galu pamaso pa amuna anayi a zibonga. Kwa mayi mmodzi wa dzungu ndinakhala chete, ngati pa mtondo paja.

Lachitatu, 19 Febuluwale. Tsiku la khumi.

Honda inamveka ana akulowa m'kalasi. Anthu anadzaza pampanda ngati pali mlandu. A Wadson patsogolo, opanda chibonga, manja m'thumba.

A Maybin anamutulutsa panja, anamuyendetsa mozungulira nyumba kawiri, anamuyang'ana maso, nkhama, makutu. Phulusa anakodzera tayala la honda. Anthu anaseka. A Maybin ananena mokweza kuti galuyu alibe chiwewe ndipo analibe pomwe ankaluma, anangomwa mankhwala a ng'ombe. Anawonjeza kuti mankhwala a m'kabotolo kopanda pepala aphetsa agalu ambiri kuposa nkhandwe. Anayang'ana kwa ine. Ndinavomera ndi mutu, pamaso pa onse.

A Wadson anati, "Chabwino. Koma akhale pa unyolo mpaka tikolole." Ndinati mpaka tikolole, ndipo ndizimuyendetsa ndekha madzulo. Anati mphunzitsi wokoka galu pa chingwe sanamuonepo, adzabwera ndi mpando kudzaonerera. Abwere.

Khadi la katemera a Maybin analipempha tili awiri pakhonde. Anawerenga chaka. Anandiyang'ana. Anafunsa ngati wolumidwa walandira majekeseni. Ndinati atatu. Anatsegula kabokosi kawo kozizira, anamubaya Phulusa pakhosi, analemba deti la lero. Pepala la mizere yowongoka analitenga, anati ndi zolemba zabwino zomwe sanazionepo.

Apita. Anthu abalalika. Phulusa wagona pa dzuwa, unyolo wautali, mimba m'mwamba. Wamoyo.

Palibenso wondifunsa. Khadi tsopano lili bwino. Nkhani ingathere pano, ndipo a Agostino angakonde itatero. Ndawauza chomwe ndikufuna kuchita: kupatsa a Monika masamba a buku lino kuti awerenge. Apukusa mutu, akuti, "Mukudziputira mavu, Madamu." Kenako akuti za m'bango zija mkazi wawo sanamuuzepo, zaka makumi awiri ali limodzi. Ndinafunsa ngati ndichotse tsamba la nkhani imeneyo. Aganiza. Akuti ndilisiye.

A Monika amawerenga bwino, ndiwo amawerenga kalata ku Chigwirizano cha amayi. Pakamwa ndikanayamba ndi kupepesa, ndikanazungulira, ndikanathera pa dzungu. Apa zonse zili m'malo mwake, ngakhale Lolemba lomwe ndinawapatsa ubweya m'malo mwa zoona. Akakwiya akwiye. Akauza a Wadson awauze, mudzi wonse udziwe kuti Madamu wa masamu ananama. Galu sangamuphenso nazo. Chotsala ndi dzina langa, ndipo limenelo ndikhoza kuyenda nalo lothimbirira.

Masamba asanu ndi awiri. Ndawang'amba bwinobwino potsata waya. Ndikumva akusinja kuseri kwa mpanda. Ndikamaliza mzere uno ndipinda kawiri, ndiika m'mbale yawo ya dzungu, ndikabweza mbaleyo m'manja mwawo, ndipo sindichoka mpaka atamaliza kuwerenga.